Mmene mungakonzere ulendo wa madzulo wokaona magetsi a Cape Town ndi gaidi wanuwanu

Ndimagwira ntchito pa nyumba ina ya alendo ku Sea Point, ndipo sabata siitha osabwera munthu pa kauntala kudzafunsa kuti kodi madzulo ano tingapite kuti kukaona tauni. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi abale athu omwe, makolo amene abwera pa ndege kuchokera ku Lilongwe kapena atsika basi ya ku Joni kudzacheza ndi ana awo, masana akuwazungulitsa m'mashopu mpaka miyendo kutupa, kukangoda nkuwatsekera m'nyumba ati kunja nkoopsa. Amabwerera kumudzi atangoona mashopu ndi TV basi. Zimandipweteka ndithu, chifukwa mzinda uno umakongola zenizeni dzuwa likangolowa, ukamauona uli pamwamba, ndipo njira yochitira zimenezi popanda kuika munthu pachiswe ilipo. Nde ndati ndilembe mmene ineyo ndimakonzera ulendo wa madzulo ndi gaidi wa pulayiveti, kuyambira posankha tsiku mpaka pomwe akutsitsani pageti.

Ndikati wa pulayiveti ndikutanthauza kuti galimoto ndi yanu nokha, inu ndi anthu anu, gaidi akudzakutengani pakhomo nkudzakutulani pakhomo pomwepo. Kuli mabasi a alendo amene nyengo yotentha amakwera kuphiri madzulo, ndi otchipa ndipo kwa achinyamata ndi abwinobwino, koma basi ili ndi nthawi yake, dalaivala akati tiyeni ndiye kuti tiyeni olo magetsi akhale akungoyamba kumene kuyaka. Galimoto zoitanitsa pa foni zimakufikitsani pamwamba mosavuta, nkhani imakhala pobwerera, anthu onse akuitanitsa nthawi imodzi msewu uli pha, inu mwaima pa mdima ndi agogo akunjenjemera. Ndalama imene mukulipira gaidi kwenikweni mukugula ufulu wokhala pamwamba mpaka mutakhutira, komanso munthu wokuuzani kuti kuwala mukuona apoko ndi chiyani.

Choyamba, musanayambe nkomwe kufufuza gaidi, sankhani tsiku, ndipo posankha muyang'ane dzuwa ndi mphepo. Kwathu tinazolowera kuti ikamakwana 6 koloko ndiye kuti kwada, chaka chonse kusiyana kwake nkochepa. Kuno sizili choncho. Wotchi ndi imodzimodzi ndi ya ku Malawi, simusintha, koma mu Disembala ndi Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, pomwe mu Juni limakhala litalowa 6 koloko isanakwane. Komanso mdima sugwa kamodzinkamodzi ngati kwathu, kachisisira kamatenga theka la ola kapena kuposerapo, ndipo theka la ola limenelo ndiye mtima wa ulendo wonse. Nde tsegulani foni muone kuti tsiku limenelo dzuwa likulowa nthawi yanji, muchotsepo maola awiri, imeneyo ndiye nthawi yoti gaidi akhale ali pageti panu. Musavomere zoti tidzanyamuka 6 koloko osafunsa kaye kuti mwezi uno dzuwa likulowa liti.

Mphepo ndiye bwana wa mzinda uno. Nyengo yotentha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, kumaomba mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imene eni kuno amaitcha Cape Doctor, ndipo ikakwiya imachita kukankha munthu, chitseko cha galimoto kuchigwira ndi manja awiri. Chizindikiro chake nchosavuta, mukaona mtambo woyera wayala pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya patebulo nkumasefukira pansi, dziwani kuti madzulo pamwamba sipakhalika. Mvula nayo kuno imagwa mosemphana ndi kwathu, imagwa nyengo yozizira, Meyi mpaka Ogasiti. Koma musaiope nyengo imeneyo, tsiku lotsatira mvula ikakata kumwamba kumayera mbee, magetsi amaoneka akuthwa kuposa a mu Disembala, anthu ndi ochepa, ndipo mukhala mwabwerera kunyumba ana asanagone. Chimene ndimalangiza aliyense nchoti ulendowu muuike kumayambiriro kwa masiku anu, osati usiku womaliza, kuti nyengo ikavuta mukhale ndi posunthira.

Chachiwiri, gaidi. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina alendo anga anayi anafuna ulendo wa madzulo, amene ndimagwira nawo ntchito nthawi zonse anali atabukidwa, nde ndinatenga nambala ya munthu wina amene ankadzitsatsa pa intaneti ndi zithunzi zokongola kwabasi. Anafika mochedwa ndi mphindi 40, galimoto ya mnzake, ndipo dzuwa linawalowera ali pa mzere wa galimoto ku Kloof Nek, mphambano imene msewu wokwera phiri loonerapo tauni la Signal Hill umayambira. Alendo atamufunsa kuti chilumba chikuoneka ukocho ndi chiyani anangoti ndi chilumba. Ndinachita manyazi mawa lake pa kadzutsa, ndipo ndinawabwezera ndalama zina kuchokera m'thumba langa. Kuyambira pamenepo sinditumiza mlendo kwa munthu amene sindinaone mapepala ake.

Ku South Africa ugaidi uli ndi lamulo lake, Tourism Act ya 2014. Gaidi amayenera kuchita maphunziro, kukhala ndi satifiketi ya chithandizo choyamba, nkulembetsa ku boma la chigawo, kuno ndi Western Cape, ndipo amapatsidwa baji yovala pachifuwa ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, nambala, ndi tsiku lothera. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha chiphasocho pa WhatsApp, si chipongwe, gaidi weniweni amatumiza pompo poti anachivutikira. Ngati akuyendetsa yekha galimoto afunikanso PrDP, chilolezo chija cha madalaivala onyamula anthu, ndipo galimotoyo ikhale ndi laisensi yonyamula alendo ndi inshuwalansi ya okwera. Za inshuwalansi musazitenge mopepuka, msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota komanso wopanikiza.

Mukaona mapepala, chezani naye pang'ono. Mufunseni kuti Signal Hill pakadzaza tikaima pati, mphepo ikaomba pulani ina ndi iti, tili ndi munthu wamkulu wovutika kuyenda kodi chimbudzi tikachipeza kuti. Amene amaidziwa ntchito amayankha ndi mayina a malo, amene sakuidziwa amangoti musadandaule bwana zonse zili bwino. Ndipo munene poyera za anthu anu, kuti amayi Chingerezi amamva koma olankhula mothamanga samawamva, kuti pali mwana wofunika mpando wake, kuti ena ndi Asilamu afuna kuswali dzuwa likalowa, kuti ena sadya nkhumba. Ngati makolo Chingerezi chimawavuta, mmodzi wa inu akhale kutsogolo pafupi ndi gaidi azimasulira, ndipo gaidi adziwiretu kuti azilankhula pang'ono nkuima.

Chachitatu ndi ndalama. Funso loyamba ndi loti mtengowo ndi wa galimoto yonse kapena wa munthu mmodzi, poti apa mpamene anthu amakanganirana pomaliza. Mukakhala anayi kapena asanu nkugawana wa galimoto, pa munthu imatsika kwambiri, nde itanani banja lina muphatikizane. Funsani kuti ndi maola angati, maola atatu kapena anayi amakwana, ndipo ola loonjezera ndi zingati. Funsani ngati mafuta, paking'i, madzi akumwa ndi matikiti zili momwemo, komanso ngati mukukhala kutali monga ku Capricorn, Masiphumelele kapena Dunoon, kukutengani kumeneko akuonjezera zingati. Dipoziti ndi yachilungamo koma musalipire zonse ulendo usanachitike, ndipo mugwirizane kuti nyengo ikaipa tsiku lisuntha popanda kudula ndalama. Zonsezi zilembedwe pa meseji, osati pakamwa pokha. Mu Disembala mitengo imakwera ndipo magaidi abwino amatha msanga, bukani kukadali masabata angapo.

Chachinayi, njira. Gaidi wina pofuna kukusangalatsani adzakutchulirani malo asanu ndi atatu, Camps Bay, Hout Bay, Chapman's Peak, Blouberg, zonse usiku umodzi. Kanani. Mukhala mukuona mzinda pa windo, kutsika kujambula kukwera, kutsika kujambula kukwera, pofika kunyumba simukumbuka kuti chithunzi ichi chinali kuti. Malo atatu akwana. Mmene ine ndimakonzera, Bo-Kaap kukadali kowala, Signal Hill polowa dzuwa mpaka magetsi atayaka, kenako kutsika kudutsa m'tauni nkukathera kudoko, ku V&A Waterfront, kumene kuli chakudya, zimbudzi ndi alonda.

Pali njira zina zimene anthu amafunsa. Table Mountain ndi yaitali mamita 1,086 ndipo kebulo kaa yake, imene inayamba kuyenda mu 1929, imakufikitsani pamwamba m'mphindi zisanu pansi pake pakuzungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Nzokongola, koma mphepo ikakula amatseka, nyengo yozizira amaimitsa kwa kanthawi kukonza, ndipo pali nthawi ya kebulo yomaliza imene nthawi zambiri imakutsitsani mdima usanakhwime. Ine ndimati Table Mountain muipatse m'mawa wake pa tsiku lina. Lion's Head, kaphiri kosongoka kaja ka mamita 669, anthu amakakwera wapansi mwezi ukakhala wathunthu, pamwamba pali matcheni ndi makwerero achitsulo ndipo potsika ndi mumdima ndi tochi ya pamutu, zimenezo nza anyamata ndi atsikana a miyendo yolimba, osati zotengerako apongozi. Bloubergstrand ndiye pulani yabwino yachiwiri, kutsidya kwa Table Bay, kumene phiri lonse limaoneka lathyathyathya ngati pa positikhadi magetsi atandanda m'munsi mwake, ndipo mphepo ikavuta mutha kuona zonse muli m'galimoto kapena m'lesitilanti.

Chachisanu, zovala ndi zonyamula, ndifupikitsa. Jekete aliyense, olo masana kutenthe bwanji. Madzi a nyanja ya Atlantic mbali ino ndi ozizira koopsa chifukwa cha mkokomo wa madzi ozizira oyenda m'nyanjamo wotchedwa Benguela, nde dzuwa likangolowa kamphepo kochokera kunyanja kamalowa mpaka m'mafupa. Amayi atenge chitenje chowonjezera ndi mpango, ana zipewa, nsapato zafulati osati zazitali poti pamwamba ndi pamiyala ndi fumbi. Flasiki ya tiyi, zitumbuwa kapena mandasi ngati mwaphika, kabulangete koyala pansi, pawa banki. Pasipoti siyani kunyumba, m'foni mukhale chithunzi chake. Mowa pagombe ndi m'misewu ndi woletsedwa mumzinda uno, apolisi a khonsolo amalanda, nde wofuna kumwa adikire ku lesitilanti.

Tsopano tsikulo lafika. Muyambire ku Bo-Kaap, m'munsi mwenimweni mwa Signal Hill, kumene kuli nyumba zija za mitundumitundu, yobiriwira, yapinki, yachikasu, misewu yoyala miyala. Mphindi 30 zakwana. Gaidi wabwino sangokuimikani pa Wale Street kuti mujambule, adzakutengerani ku Dorp Street kukaona Auwal, mzikiti woyamba m'dziko lino, wa 1794, nkukuuzani kuti makolo a anthu ambiri a kuno anabwera ngati akapolo ndi akaidi kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar, komanso Mozambique ndi gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo ukapolo ku Cape unathetsedwa mu 1834. Mukamva zimenezo nyumba zija mumaziona mwina. Chonde kumbukirani kuti m'nyumbamo mukukhala anthu, musakhale pa khonde la eni kapena kujambula ana awo osapempha, moni kaye ngati mmene timachitira kwathu. Ngati kashopu katsegula gulani masamusa kapena ma koesister, timandasi tonunkhira sinamoni topakidwa kokonati, mukadyere pamwamba.

Musachedwe, mukhale mwafika pa Signal Hill kutatsala ola lathunthu kuti dzuwa lilowe, mu Disembala olo kuposa. Msewu wake ndi umodzi, umachoka pa Kloof Nek nkuyenda pamsana pa phiri, kolowera nkomwekonso kotulukira, ndipo paking'i ya pamwamba ndi yaing'ono. Ochedwa amasiya galimoto m'mbali mwa msewu kutali nkuyenda wapansi. Panjira muona kanyumba ka denga lozungulira ngati kamzikiti, ndi kramat, manda a mtsogoleri wachisilamu amene anthu amapitako kukapemphera, muzidutsa mwaulemu. Phirili ndi la mamita 350 okha koma laima pakati penipeni, mbali imodzi nyanja mbali ina tauni. Dzina lake linabwera chifukwa kale ankakwezapo mbendera kudziwitsa anthu kuti sitima ikubwera, ndipo mzinga umene umalira 12 koloko masana, kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi, uli pa phiri lomweli chakumunsi, mwambo wake ndi wa kuyambira 1806.

Mukatsika galimoto chinthu choyamba mupeza ndi nkhanga. Eee, nkhanga zenizeni ngati za kwathu, zikungoyendayenda pakati pa miyendo ya anthu kutola nyenyeswa, sizithawa. Chaka chimene ndinabweretsa amayi anga anaima kaye nkuziyang'ana kwa kanthawi, kenako anandikoka dzanja nkundinong'oneza kuti mwanawe, kodi nkhangazi zilibe mwini? Musazidyetse, zilekeni. Yalani bulangete pa malo otsetsereka oyang'ana kunyanja, thirani tiyi. Ngati mphepo ili bwino muona anthu akuthamanga nkudumpha ndi ma parachuti kukatera pa kapinga wa ku Sea Point. Pali felemu yaikulu yachikasu yojambulirapo Table Mountain ali kumbuyo, jambulani pompano kukadali kowala poti kukada phirilo silituluka pa chithunzi.

Dzuwa limamira m'nyanja momwemo, lofiira psuu, mutha kuliyang'ana likuchepa mpaka kutsala kamzere. Anthu amaomba m'manja, ena kupsompsonana, kenako onse nkuyamba kupinda mabulangete kuthamangira ku galimoto. Inu musanyamuke. Apa mpamene ndimafuna mundimvetse, poti ndalama zanu zonse mwalipirira mphindi 30 zikubwerazi. Amene athamangawo akukaima pa mzere wa galimoto akuona mabuleki a anzawo. Inu valani majekete, thiraninso tiyi, dikirani.

Kumwamba kumasintha kuchoka kofiira kupita kofiirira kenako buluu wakuda, ndipo magetsi sayaka onse nthawi imodzi, amayamba mmodzimmodzi ngati nyali za asodzi a usipa zikamatuluka pa nyanja ku Nkhata Bay. Poyamba ndi mafulati a Sea Point pansi panu penipeni, kenako msewu wa m'mbali mwa nyanja. Chozungulira chachikulu chija ngati lichero ndi sitediyamu imene anamangira World Cup ya 2010. Chakutsogolo kwake pagombe pali kuwala kumene kukuphethira, ndi nyali ya Green Point yotsogolera sitima, inayatsidwa koyamba mu 1824 ndipo ndi yakale kuposa zonse zimene zikugwirabe ntchito m'dziko lino. Pamadzi muona sitima zikuluzikulu zaima kudikira kulowa padoko, iliyonse yayatsa ngati kamudzi. Kutsidya, mzere wa magetsi ukupita mpaka ku Milnerton ndi Table View, ndipo chakumeneko nkomwe kuli Dunoon kumene abale athu ambiri amagona.

Kenako muuzeni gaidi akulozereni Robben Island. Masana chimaoneka ngati kachigamba kathyathyathya pamadzi, usiku kamatsala ndi timagetsi tochepa ndi nyali yake. Nelson Mandela anakhala pamenepo zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982, pa zaka 27 zimene anakhala m'ndende. Amayi anga gaidi atanena zimenezi ine nkumasulira, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndiye kuti iwo ali uko ankawaona magetsi a kunowa? Gaidi anayankha kuti inde mama, kuchokera pachilumba phiri ndi tauni zimaoneka bwinobwino. Sanayankhulenso, anangokoka chitenje kufunda mapewa.

Za zithunzi, poti ndikudziwa kuti a kumudzi akudikira pa gulupu. Pukutani kaye kagalasi ka kamera ndi malaya, mchere wa m'mphepo umakadetsa. Zimitsani fulashi, sithandiza kanthu pa magetsi a kutali. Ikani pa night mode, tsamiritsani foni pa mwala kapena pa denga la galimoto, dinani nkuuma osagwedezeka masekondi atatu. Mukafuna nkhope za anthu zioneke magetsi ali kumbuyo, wina ayatse tochi ya foni yake aunikire chammbali, osati m'maso. Nthawi yabwino ndi pomwe kumwamba kukadali buluu, kukada bii chithunzi chimangotuluka timadontho. Mukajambula zokwanira bwezani foni m'thumba muone ndi maso.

Musadikire mpaka pamwamba patsale inu nokha. Lamulo langa ndi loti galimoto zikatsala zochepa, nafenso tizipita. Pa phiri limeneli ndi pa Lion's Head anthu akhala akulandidwa mafoni ndi zikwama, makamaka oyenda okha m'tinjira ta m'tchire kukada, nde khalani pamene pali anthu, wofuna kutaya madzi asalowe patchire yekha. M'galimoto musasiye chikwama pa mpando olo kwa mphindi ziwiri, chilowe ku buti musanafike pamalopo osati mutafika anthu akuona, ndipo dalaivala akakhoma ndi rimoti ayese chitseko ndi dzanja poti kuli akuba amene amatchinga rimoti kuti isakhome. Nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112, ya polisi 10111, zisungeni musananyamuke.

Potsika, pemphani gaidi aime pang'ono pa malo amodzi oimikapo a mbali ya tauni, pomwe paima galimoto zina. Apa mpamene mumvetse chifukwa chake pakati pa mzinda amapatcha City Bowl, pakhaladi ngati mbale yodzaza makala a moto, Table Mountain ndi phiri loyandikana nalo la Devil's Peak ataima kumbuyo ngati khoma lakuda, ndipo masiku ena amaliunikira phirilo ndi magetsi akuluakulu miyala yake nkumaoneka yotuwa. Yang'anitsitsani kutsidya m'munsi mwa Devil's Peak, pali malo amene magetsi ndi apatalipatali pomwe mbali zonse ndi othithikana. Pamenepo ndi District Six. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti ndi dera la azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Cape Flats, chigwa cha kunja kwa tauni, nyumba zawo nkugwetsedwa, ndipo mpaka lero mbali yaikulu ikadali bwalo la udzu. Masana mutha kudutsapo osazindikira, usiku mdima wakewo umachita kuonekera. Gaidi amene sakulozerani zimenezi, mufunseni inuyo.

M'tauni simufunika kutsikatsika. Adutse nanu pa bwalo la Grand Parade muone City Hall, nyumba ya 1905 ya miyala yachikasu imene usiku amaiunikira, ndipo pa khonde lake mpamene Mandela analankhula kwa khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku lomwe anatuluka m'ndende. Pakhondepo anaikapo chiboliboli chake mu 2018, dzanja lili m'mwamba. Chapafupi pali linga la Castle of Good Hope limene Adatchi anamanga kuyambira 1666 mpaka 1679. Ngati ndi nyengo ya Khirisimasi adutse Adderley Street, amakoleka magetsi a zithunzi msewu wonse ndipo ana amakondwa kwambiri. Long Street muione pa windo, ndi msewu wa mabala ndi nyimbo, si koyenda ndi makolo usiku. Ndipo ngati mwatsika penapake wina wovala ngati mlonda nkukuuzani kuti msewu uno umafuna pemiti, tiyeni pa ATM mukalipire ndi khadi, ndi wakuba ameneyo, kulibe pemiti yoyendera mumsewu, bwererani kwa gaidi wanu.

Pothera ndi ku Waterfront. Dzina loti V&A ndi Victoria ndi Alfred, mfumukazi ya ku Britain ndi mwana wake amene mu 1860 anagwetsa miyala yoyamba ya khoma lotchinga mafunde, ndipo mpaka pano ndi doko logwira ntchito, maboti a asodzi ndi okoka sitima ali pomwepo pafupi ndi malesitilanti. Kuno mutha kuyenda wapansi mtima uli m'malo, kuli kowala ndipo alonda ali paliponse. Muyende mpaka pa Clock Tower yofiira ya 1882, muwoloke kamlatho kamene kamatembenuka boti likamadutsa, muyang'ane pansi pa madzi mwina muona ma seal, nyama za m'nyanja zooneka ngati akatumbu akuluakulu, atagona pa matabwa akununkha nsomba. Pa Nobel Square pali ziboliboli zinayi za anthu a m'dziko lino amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, Albert Luthuli, Desmond Tutu, FW de Klerk ndi Mandela. Nyumba yaitali ya mawindo otukuka ngati maso a tombolombo inali nkhokwe ya chimanga ndi tirigu, pano m'munsi mwake muli Zeitz MOCAA, malo osungira zaluso za mu Africa amene anatsegulidwa mu 2017. Ana akakhala ndi mphamvu akwere Cape Wheel, chiwilo chachikulu chozungulira chokweza anthu m'mwamba.

Chakudya mugwirizaniretu, kodi gaidi akudikirani mudye kapena akusiyani. Kudikira ndi ola loonjezera, koma muli ndi makolo ine ndimati lipirani akudikireni, kusiyana nkuyamba kusaka galimoto 10 koloko usiku aliyense atatopa. Malesitilanti oyang'ana kumadzi ndi odula ndipo mu Disembala amafuna kubukiratu, koma mkati mwa molo muli malo a zakudya zotchipa, fishi ndi tchipisi mumapeza. Yesani nsomba ya snoek, ili ndi minga zazitali koma kwa ife okulira chambo ndi kampango sizovuta. Woperekera chakudya kuno amapatsidwa 10 peresenti ya bilu, ndipo makina a khadi abwere patebulo, khadi isachoke m'manja mwanu.

Gaidi naye ngati wagwira bwino ntchito mpatseni kangachepe m'manja, ndipo sungani nambala yake poti abale ena akubwera. Pobwerera amene akukhala kutali kwambiri atsitsidwe bwino pakhomo penipeni osati pa kona, ndipo muuzeni dalaivala asachoke mpaka geti litatsekedwa. Musanatsike unikani pansi pa mipando ndi tochi, mafoni, magalasi a agogo ndi flasiki zimatsalira momwemo.